Mlonda Amene Analanda Mbereko

Panali munthu wina, msilikali wa ndende, amene ntchito yake inali yosunga anthu ndi moyo kufikira tsiku loti aphedwe. Dzina lake anali Layisoni. Ankalonda chigawo chakumapeto, kumene kunkakhala akaidi amene khoti linagamula kuti anyongedwe.

Ntchitoyo inali ndi lamulo limodzi loposa onse: mkaidi asadziphe yekha. M'mawa uliwonse Layisoni ankalowa m'zitolokosi kukafufuza. Lamba ankalanda. Zingwe za nsapato ankalanda. Bulangete likayamba kutuluka ulusi m'mphepete, ankalisintha. Ngakhale kaulusi ka thumba la ufa ankakatola n'kukaponya m'thumba la malaya ake. Ntchitoyi inamulowa mpaka m'maso. Akamayenda mumsika, anzake ankaona tomato ndi kabichi, iye ankaona zingwe zomangira timisasa ta ogulitsa.

Pakati pa akaidiwo panali Zuze, bambo wa ndevu za imvi, amene anapha mnzake pa mkangano wa malire a munda. Mlanduwo sankaukana. Koma tsiku loti anyongedwe silinkatchulidwa, ndipo zaka zinkangopita. Nyengo ina Zuze anatopa n'kudikira, nayesa kudzichotsera moyo. Layisoni anamupeza nthawi ikadalipo. Anathamanga naye kuchipatala, madokotala anachita mbali yawo, ndipo Layisoni yemweyo ndiye ankamumwetsa phala ndi supuni. Atachira, akuluakulu a ndende anamuuza kuti zimene anachitazo ndi mlandu winanso.

Zuze anaseka mpaka kutsokomola.

"Bwana Layisoni," anatero, "tandithandizeni, ine sukulu ndinalekera panjira. Moyo uwu ndikati ndiutaye ndekha, mukuti ndapalamula. Mukautenga inuyo, mukuti chilungamo. Nanga mwiniwake ndani?"

"Lamulo ndi lamulo, mdala. Imwani phala."

"Ndimwa, bwana. Nkhuku ya Khirisimasi sikana madeya."

Layisoni sanaseke. Funsolo anapita nalo kunyumba, nadya nalo, nadzuka nalo, koma yankho sanalipeze. Ndiye anachita zimene amachita munthu wosowa yankho: anawonjezera khama pa ntchito. Pamene anzake ankangosuzumira, iye ankafudukula chilichonse. M'chigawo chake simunafe munthu, ndipo akuluakulu ankamuyamikira.

Tsiku lina masana foni yake inalira. Anali malume ake akumudzi. Mng'ono wake, Tobiyasi, anali atadzimangirira mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

Tobiyasi analibe mlandu ndi munthu. Panalibe khoti limene linamugamula. Mvula inali itayamba bwino, chimanga chake chitamera chobiriwira, m'nkhokwe mukadali chakudya. Mkazi wake, Nankhoma, anali ndi khanda lalikazi dzina lake Ulemu. M'mawa wa tsikulo Tobiyasi ananola khasu lopalirira, napempha kuti ndiwo zamasana zikhale nkhwani wotendera. Nkhwaniwo unapsa. Woudya sanabwere.

Pamaliro aliyense anali ndi chifukwa chake. Ena ankati anachita kulodzedwa. Ena ankati ndi kachasu, chonsecho Tobiyasi sankalawa n'komwe. Ena ankanong'ona dzina la mkazi wake, akatero n'kuyang'ana kumbali. Layisoni ankamva zonsezo atazyolika, ndipo m'mutu mwake munkazungulira chinthu chimodzi: ndasunga anthu oweruzidwa kuti afe, wanga wopanda mlandu wandipulumuka m'manja.

Kumanda, pamene dothi linayamba kugwera pabokosi, Nankhoma anadzigwetsa pansi.

"Bambo a Ulemu, munditenge nane! Mwandisiyira yani?"

Amayi anamugwira n'kumudzutsa. Palibe amene anadabwa, pakuti namfedwa amalira choncho. Koma khutu la mlonda silimva ngati makutu a anthu ena. Layisoni anawatola mawuwo monga ankatolera kaulusi kaja, nawasunga.

Kumeneko kunali mwambo wakuti mtengo umene munthu waferamo suyenera kutsala. Ankati ukasiyidwa umaitana wina. Choncho anthu atabwerako kumanda, adzukulu, amuna okumba manda aja, anafika ndi nkhwangwa. Mtengowo anaubzala malemu bambo awo a Layisoni, ndipo iye ndi Tobiyasi anakulira m'nthambi zake. Chaka chimenecho unali utabereka mpaka nthambi kuwerama.

"Amalume," anafunsa Layisoni motsitsa mawu, "mtengowu walakwanji?"

"Sunalakwe kanthu," anayankha malumewo. "Koma pakachitika zotere, chinachake chiyenera kugwa, kuti anthu mitima ikhale pansi."

Layisoni anakumbuka ndevu za imvi za Zuze, koma sanadziwe chifukwa chake wazikumbukira. Mtengo unagwa. Mango osapsa anamwazikana pabwalo ponse. Ana anathamangira kuti atole, amayi awo anawakalipira, ndipo zonse, nthambi ndi zipatso zomwe, zinatenthedwa. Panatsala chitsa. Anthu anabalalika mitima itakhaladi pansi. Wa Layisoni wokha sunakhale. Anadziuza kuti: mtengo mwadula, koma mitengo m'mudzi muno ndi yambiri, ndipo chimene chimapha si mtengo.

Abale a Nankhoma ankakhala kutali, ndipo anagwirizana kuti adzabwera kudzamutenga akakolola. Kufikira nthawi imeneyo, anayenera kukhala panyumba ya malemu mwamuna wake. Layisoni anapempha tchuthi kuntchito, natsala.

Mwambo wometa utangotha, anadzuka m'mamawa n'kuyamba ntchito imene ankaidziwa. Anamasula zingwe za mbuzi pazikhomo. Anatsitsa chingwe choyanikira zovala. Anachotsa mphira womangira katundu panjinga ya Tobiyasi. Anapita kuchitsime cha mudzi namasula chingwe cha ndowa yotungira. M'nyumba anapeza botolo la mankhwala opopera mbewu ndi kapaketi ka mankhwala a makoswe. Zonsezo anaziunjika m'bokosi lachitsulo, nakhoma loko, kiyi n'kuika m'thumba.

Kenako anaima pakhomo la chipinda, naona zitenje za mlamu wake zitapindidwa pamkeka. Ankadziwa kuti mwamuna sakhudza nsalu za mkazi wa mng'ono wake. Koma ankadziwanso, kuchokera kuntchito, kuti nsalu imang'ambika, ndipo yong'ambika imalukika. Anadikira kuti Nankhoma apite kukasamba. Anatenga zitenje zonse, pamodzi ndi mbereko imene ankaberekera Ulemu. Anamusiyira madiresi ndi chitenje chimodzi chimene anapita nacho kubafa.

Dzuwa lisanafike pamutu, mbuzi zinali m'chimanga cha anthu oyandikana nawo. Amayi anafika kuchitsime napeza ndowa ili chete pamwala, ndipo anayamba ulendo wa kumtsinje kukatunga madzi amatope. Malume anabwera akupuma mwawefuwefu.

"Mwana iwe, wapenga? Pano si pandende!"

"Ntchito yanga ndimaidziwa, amalume. Kumene ndimalondako sikunafe munthu."

"Nanga mbuzizi? Nazonso zakuuza kuti zatopa ndi moyo?"

Koma Layisoni kiyi sanapereke. Anthu anati asiyidwe, chisoni chamusokoneza mutu, chitha chokha. Anatsekera mbuzi m'khola n'kumazidulira masamba. Anang'ung'udza, koma anamulekerera, chifukwa munthu wa yunifolomu ya boma amaopedwa ngakhale ataivula.

Ndiye anayamba kulonda. Anaika mpando pakhonde moyang'ana khomo. Nankhoma akalowa m'khitchini, mpando unkasunthira kukhitchini. Akapita kuseri, Layisoni ankaimirira n'kumayang'ana njira mpaka abwere. Sankamuyankhula, pakuti mlonda sacheza ndi womulonda. Amangoyang'ana manja ake. Amayi amene ankabwera kudzakhala ndi namfedwa anayamba kuchita manyazi ndi bambo wa maso ouma amene ankawayang'ana m'zitenje ndi m'madengu. Anayamba kupereka moni ali kumsewu. Kenako analeka n'kudutsako komwe.

Popanda mbereko, Nankhoma ankanyamula mwana m'manja tsiku lonse. Munthu wonyamula mwana m'manja sasinja, sapalira, satunga madzi. Udzu unayamba kukwera m'munda wa Tobiyasi, khasu lonola lija lili chitsamire pakhoma. Nankhoma ankangokhala m'nyumba, mwana pamiyendo, maso kudenga.

Masiku anapita ndithu. Layisoni anaona kuti mlamu wake akuwonda. Anaonanso china: maso a Nankhoma anali atayamba kufanana ndi mmene analili maso a Zuze masiku aja asanayese kudzichotsera moyo. Maso osalira, osakwiya, ongodutsa pamunthu ngati palibe munthu.

Mutu wake unaima. Ndachotsa zonse, ankatero mumtima, nanga chatsala n'chiyani? Anazungulira nyumba kufunafuna chimene waiwala. Anayang'ana mitengo ya denga, naganiza zoisasula. Anayang'ana chitseko, naganiza zochizula kuti aziona mkati nthawi zonse. Anayang'ana mipeni, miphika, mtsinje kumunsi, msewu wa magalimoto kumtunda. Anaona kuti kuti amalize ntchito yake, ayenera kutsekera dziko lonse m'bokosi lachitsulo lija. Ndipo akatero, mlamu wakeyo adzakhala kuti? Funso limenelo linamukumbutsa funso la Zuze, ndipo mafunso awiriwo ankangoluma mchira wina ndi mnzake ngati agalu.

M'mawa wina Ulemu analira kwambiri. Ankafuna msana wa mayi wake, ndipo manja sankamutonthoza. Nankhoma anatuluka naye, nakhala pansi chapatali ndi mpando, monga mwa ulemu wa pachilamu. Anayankhula maso ali pansi.

"Alamu, ndifunseko."

"Funsani."

"Ine ndinapha yani?"

Layisoni anadzidzimuka. "Simunaphe munthu, alamu."

"Nanga ukaidi ndikugwirawu ndi wa mlandu wanji?"

"Ndinakumvani kumanda kuja," anatero Layisoni. "Munati akutengeni."

Ankayembekeza kuti Nankhoma akana, kuti anena kuti kunali kulira chabe. Koma mayiyo anangosisita mutu wa mwana.

"Munamva bwino," anatero. "Maganizowo amabwera. Sindikubisirani. Koma mukudziwa nthawi imene amabwera? Ndikangokhala m'nyumbamo, manja opanda chogwira. Masiku oyamba aja ndinkati ndikabereka Ulemu, kamtima kake kankagunda pamsana pangapa, ndikamayenda iye n'kumandikoka tsitsi. Ndinkapezeka dzuwa lalowa ndisanadziwe. Tsopano mbereko mwatenga. Anzanga mwawathamangitsa. Mwandisiya ndi denga loti ndiziliyang'ana." Anapukuta mamina a mwana ndi chala. "Ndipo chibwerereni, alamu, simunandifunsepo ngakhale kuti ndadzuka bwanji. Mumangondiyang'ana manja."

Layisoni anamva kiyi ikulemera m'thumba ngati mwala. Anayesa kuganiza mwadongosolo, monga ankachitira kuntchito, koma maganizo anakana kuima pamzere. Ndikamupatsa nsaluyo n'kuchitika choipa, lidzakhala dzanja langa. Ndikamumana n'kuchitika choipa, lidzakhalanso dzanja langa. Sanalakwitse pomva, mlamu wake yekha wavomereza. Nanga munthu angamve bwino chonchi n'kuchita molakwika chonchi? Panalibe wamkulu woti amufunse. Panalibe lamulo loti abisalemo. Panali mayi wakhala pansi, mwana akulira, ndi chitsa cha mango kuseri.

Anaimirira, nalowa m'nyumba, natsegula bokosi. Anatulutsa mbereko ija, nsalu yofumbutuka ya maluwa achikasu, ikadali ndi fungo la mkaka. Anaipereka ndi manja awiri.

Nankhoma anawerama, naponya mwana kumsana. Ulemu anaterereka chammbali, ndipo Layisoni, osaganiza, anamutchinjiriza ndi chikhatho kufikira nsalu itamukuta. Mayiyo anakoka nsonga ziwiri, namanga mfundo pachifuwa, naikoka mwamphamvu. Layisoni ankazidziwa mfundo. Moyo wake wonse wa ntchito ankazisaka kuti azimasule. Iyi anangoiyang'ana. Mwana anasiya kulira.

Anabwereranso kubokosi natulutsa zitenje, zingwe za mbuzi, ndi chingwe cha kuchitsime. Atafika pa botolo la mankhwala ndi kapaketi kaja, anaima.

"Awa okha atsale," anatero.

"Atsale," anavomera Nankhoma. "Amenewo musandipatse ngakhale nditapempha."

Nankhoma anatenga ndowa yake, nakoleka chingwe cha kuchitsime padzanja, nauyamba ulendo. Layisoni anaona chingwecho chikulendewera m'dzanja la munthu amene wangomuuza kumene kuti maganizo amabwera. Miyendo yake inafuna kutsatira. Anayenda mpaka pamapeto a bwalo, naima. Kenako anatembenukira kunyumba yoyandikana nayo, nakweza mawu amene anatuluka osalongosoka.

"Amayi! Chingwe cha kuchitsime chabwerera!"

Mayi wa panyumbapo anasuzumira, naona Nankhoma akutsika njira mwana ali kumbuyo. Anataya madzi amatope amene anali mundowa yake, naitana mnzake kuseri kwa mpanda, ndipo awiriwo anathamangira njira yomweyo.

Layisoni anakhala pachitsa cha mango nadikira. Sanadikirepo chinthu choncho, ngakhale kundende. Mbalame ikalira, ankaimirira. Mwana wina akafuula kutali, ankayang'ana kunjira. Dzuwa linakwera mpaka pamutu, iye ali pomwepo, thukuta likuyenderera m'khosi.

Kenako anamva mawu a amayi akukwera njira, akukangana za mbuzi ya yani imene inadya chimanga cha yani. Nankhoma anali pakati pawo, ndowa pamutu, Ulemu atagona kumsana. Anatula ndowayo, natunga madzi m'kapu, nagwada n'kumupatsa mlamu wake. Layisoni anamwa. Madziwo anali oyera ndi ozizira. Anabweza kapu, ndipo lilime linamulemera ngati la munthu wophunzira chiyankhulo chachilendo.

"Alamu," anatero, "mwadzuka bwanji?"

Amayi aja anayang'anana. Mmodzi analoza dzuwa ndi chala, nabisa pakamwa ndi chitenje.

"Masana ano?" anafunsa Nankhoma. Pankhope pake panadutsa kanthu kofanana ndi kumwetulira, koma sikanakhalitse. "Ndadzuka pang'ono. Mawa mundifunsenso."

Anamufunsadi mawa lake, ndi mkuja. Masiku ena yankho linali loopsa, ndipo tsiku lina lotere Layisoni ndi mayi woyandikana uja anamuperekeza kuchipatala kukaonana ndi odziwa za matenda a maganizo. Tchuthi chitatha anabwerera kundende, kumene anapitiriza kulanda malamba ndi zingwe za nsapato, pakuti ntchito ndi ntchito. Zuze atamufunsanso kuti moyo uja mwiniwake ndani, Layisoni sanatchule lamulo. Anati, "Sindikudziwa, mdala," nakhala pansi pakhomo la chitolokosi. Zuze anamuyang'ana nthawi yaitali, nasendera kuti amupatse malo pamthunzi.

Inu amene mukumva fanizoli, makamaka ife amene tikulera ana ndi mantha m'mimba: timabisa mpeni, timabisa machesi, timavundikira chitsime, ndipo timachita bwino. Funso la Zuze musandifunse ine. Sindidziwa chifukwa chake munthu amamwetsedwa phala kuti akaphedwe ali wathanzi, kapena chifukwa chake mtengo unagwa anthu n'kupeza mpumulo, kapena chimene chinamuchotsa Tobiyasi pa nkhwani umene anaupempha yekha. Chimene ndagwirapo n'chochepa. Botolo la poizoni litsekereni, kiyi musunge. Koma munthu musamutsekere nalo limodzi, ndipo pochotsa zomwe zingamuphe, onetsetsani kuti simukumulanda chimene chamumangirira ku moyo. Mufunseni kuti wadzuka bwanji, ngakhale dzuwa litafika kale pamutu. Akakuyankhani zoopsa, musathawe. Khalani pansi, muitane ena, mupite naye kwa odziwa kuthandiza. Ndipo mawa mumufunsenso.